Masamba Ong'ambika M'buku la Magazi Athu

Mvula inagwa usiku wonse, koma pofika 7 koloko m'mawa khonde la chipatala china chaching'ono kumwera kwa dziko lino linali litadzaza kale. Azimayi ali pabenchi, ena pansi, ana kumsana, mabuku a kuchipatala atawakulunga m'majumbo kuti asanyowe. Mwezi ndi wa February. Chimanga chamasula, zithaphwi zili paliponse, udzudzu wapeza mpata.

Wazaumoyo amene akuyeza malungo sakudzutsa n'komwe mutu. Kugwira chala, kupukuta, kubaya, kadontho ka magazi pa kapulasitiki koyezera, kenako wotsatira.

"Mayi, m'gwireni bwino mwanayo."

Mayi amene akuuzidwa choncho wabwera ndi ana awiri. Patapita mphindi 15, toyezera tonse tatulutsa mizere iwiri iwiri. Onse ali ndi malungo. Koma wina ali pansi, akugubuduza chitsekerero cha botolo, thupi lofunda pang'ono chabe. Mnzakeyo wangoti lefuu pachifuwa pa mayi ake, khosi silikulimba, ndipo wazaumoyo atatsitsa chikope cha m'munsi, m'kati muli mbuu ngati ufa woyera.

Mphasa yawo ndi imodzi. Neti ndi imodzi, ndipo ngati yabooka, yawabookera onse. Phala amadyera mbale imodzi.

Nanga bwanji malungo amodzi omwewo akusewera ndi wina koma akufuna kutenga mnzake?

Kumudzi yankho silisowa. Agogo amangoti uyu ali ndi magazi amphamvu. Ena amanong'ona za anthu a mtima woipa. Achipatala amatchula msinkhu wa mwana, kadyedwe, kangati kamene anadwalapo malungo, ndi kuchedwa kufika kuchipatala, ndipo zonsezi n'zoona. Komabe agogo aja sanalasire kutali. M'magazi mulidi nkhani, ndipo zaka 20 zapitazi zaonetsa kuti nkhaniyo ndi yaikulu kuposa mmene akatswiri omwe ankaganizira.

Zilembo zinayi zokha

M'kadontho kaja muli maselo ofiira mamiliyoni ambiri, omwe ndi nyumba ndi chakudya cha kachirombo ka malungo. Maselo ofiirawo alibe DNA, amaitaya akamakhwima. Amene amaisunga ndi maselo oyera, ochepa kwambiri m'kadonthomo, koma okwanira.

DNA ndi malangizo a kapangidwe ka thupi. Analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondandalikidwa mpaka kukwana 3 biliyoni. Munthu atati aziwerenga chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, angathe zaka zoposa 90 asanafike pamapeto. Ndipo aliyense ali ndi mabuku awiri oterewa, lina la kuchimuna, lina la kuchikazi. Buku lililonse lili ndi mitu 23 yomwe amaitcha makromozomu, ndipo m'mitumo muli ndime zonena kapangidwe ka chinthu chimodzichimodzi. Ndimezo amati majini. Si majini aja amakatulutsidwa kwa sing'anga ayi, langofanana ndi dzina.

Pa 26 June 2000, mtsogoleri wa dziko la America panthawiyo, Bill Clinton, analengeza kuti asayansi atsala pang'ono kumaliza kuwerenga buku lonseli. Ntchitoyo inatha mu 2003 itadya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni, ngati kuti chilembo chilichonse chinagulidwa dola imodzi. Uthenga umene unafala masiku amenewo unali wakuti anthu tonse timafanana pa zilembo 999 mwa 1,000 zilizonse, ndipo kusiyana kwathu ndi kwa chilembo chimodzi apa, china uko.

Chitsanzo chinalipo kale, ndipo n'chakwathu konkuno. Matenda a sickle cell amabwera chifukwa cha chilembo chimodzi chosinthika pa kromozomu 11. Mu 1954, Anthony Allison, wasayansi amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti amene watenga chilembocho kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ku malungo. Wotenga kwa makolo onse awiri ndiye amadwala.

Chilembo chimodzi, moyo wonse n'kusintha. Anthu anakhulupirira kuti nkhani yonse ya kusiyana kwathu ikhala yotero.

Mu 2004 magulu awiri, osagwirira ntchito limodzi, anagwedeza chikhulupiriro chimenechi. Lina linali la Jonathan Sebat ndi Michael Wigler ku Cold Spring Harbor, m'chigawo cha New York. Lina linali la Charles Lee wa ku Boston ndi Stephen Scherer wa ku Toronto. Onse anayeza anthu athanzi, oyenda, ogwira ntchito, n'kupeza kuti mabuku awo sanali ofanana kukula. Wina akusowa chigawo cha zilembo masauzande ambirimbiri. Wina ali nacho kawiri. Palibe amene akudwala.

Aliyense amene anagwirapo buku lakale la nyimbo kutchalitchi akudziwa zimene zimachitika. Tsamba lina linang'ambika kalekale. Lina anamata chadodolido. Lina linathothoka, wina n'kulilowetsa pa mutu wolakwika. M'mabaibulo ena osindikizidwa mwaphuma mumapezeka masamba obwereza. Zonse zinayizi zimachitika mu DNA ya munthu: kung'ambika, kubwereza, kutembenuka, kusamuka. Akatswiri anagwirizana kuti kusintha kulikonse kokhudza zilembo 50 kapena kuposa azikuwerengera m'gulu limeneli, ndipo pa Chingerezi amati structural variation.

Mu 2015, ntchito yotchedwa 1000 Genomes Project inatulutsa zimene inapeza mwa anthu 2,504 a m'magulu 26 a padziko lonse. Munthu mmodzi amasiyana ndi buku loyerekezera, lija la mu 2003, pa malo 4 mpaka 5 miliyoni, ndipo pafupifupi onsewo ndi a chilembo chimodzi kapena zilembo zochepa. Masamba ong'ambika, obwereza ndi otembenuka amene anatha kuwaona anali pakati pa 2,100 ndi 2,500 okha pa munthu. Koma masamba ochepawo anakhudza zilembo pafupifupi 20 miliyoni.

Ochepa pakuwerenga, aakulu pa malo amene atenga.

Tsamba limene ambirife tilibe

Nkhaniyi ikumveka ngati ya ku Boston ndi ku Toronto. Sichoncho. Ili pabenchi paja.

Chimene chimanyamula mpweya m'magazi chimatchedwa hemoglobin, ndipo theka lake limapangidwa ndi majini awiri ogundizana pa kromozomu 16. Awiri a kuchimuna, awiri a kuchikazi, onse anayi. Majini awiri ogundizanawo amafanana ngati mapasa, moti thupi likamakonza mbewu ya abambo kapena dzira la amayi, nthawi zina limasokonezeka, n'kulumikiza mutu wa jini loyamba ndi mchira wa lachiwiri. Zapakati zonse, zilembo pafupifupi 3,700, zimatayika. Pamene panali majini awiri patsala limodzi.

Kumeneku amati alpha thalassaemia.

M'zaka za 2015 ndi 2016, boma ndi mabungwe othandizana nalo anachita kafukufuku wa kadyedwe m'dziko lonse la Malawi, ndipo magazi a ana oposa 1,000 osakwana zaka zisanu anayezedwanso za chibadwa. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Ana oposa 40 mwa 100 alionse analibe tsamba limeneli, ena kumbali imodzi, ena mbali zonse ziwiri. A chilembo cha sickle cell, chomwe chimatchuka kwambiri, anali pafupifupi 9 mwa 100.

Werengani ana khumi pabenchi la kusikelo. Anayi mwa iwo buku lawo ndi long'ambika pamalo amodzimodzi.

Chinthu chong'ambika sichifala chonchi popanda chifukwa. Mwana wotere amakhala ndi maselo ofiira ang'onoang'ono koma ochuluka. Kafukufuku wa ku Kenya, Ghana ndi Papua New Guinea waonetsa kuti malungo amamugwira ndithu ngati wina aliyense, koma kawirikawiri samufikitsa pa kutha magazi koopsa kuja. Kwa mibadwo yambirimbiri, pamene kunalibe LA, kunalibe neti, kunalibe ambulansi, ana a tsamba long'ambika ankapulumuka mochulukirapo pang'ono kuposa anzawo. Anakula, anakwatira, anabereka. Ife ndife zidzukulu zawo.

Udzudzu ndiwo unasankha.

Pali kampeni kumphasa, komabe. Maselo ang'onoang'ono otuwa ndi chizindikironso cha kuchepa kwa ayironi m'thupi, vuto lomwe ndi lenileni ndipo ndi lofala. Pa zotsatira za makina oyeza magazi, ziwirizi zimafanana nkhope. Choncho munthu akhoza kumwa mapiritsi a ayironi mwezi ndi mwezi, maselo ake osasintha, chifukwa vuto si ndiwo za m'mbale koma ndi mmene anabadwira. Kuyeza kotsimikizira kumafuna labotale yoyang'ana DNA, yomwe chipatala cha kumudzi chilibe.

Ng'oma yokungika

Tsamba lina, losokonekera kwambiri kuposa limeneli, linadziwika ndi thandizo la ana a ku Blantyre.

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor akhala mayina odziwika pa kafukufuku wa malungo a muubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth. Muyezo woonera kukomoka kwa mwana umene anaukhazikitsa mu 1989 umatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo ukugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri mpaka lero. Mu 2005 panakhazikitsidwa mgwirizano wa ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana wotchedwa MalariaGEN, wotsogozedwa ndi Dominic Kwiatkowski wa ku Oxford, ndipo Malawi analowa nawo. Cholinga chinali chimodzi: kuyerekeza DNA ya ana amene anadwala malungo akayakaya ndi ya ana ena wamba, n'kuona pamene pakusiyana.

Mu 2015 anaona chizindikiro pa kromozomu 4. Chinachake pamalo amenewo chinkateteza ana, koma sankatha kuchigwira. Zinali ngati kuona utsi kuseri kwa phiri.

Pamalopo pali majini atatu apachibale, GYPA, GYPB ndi GYPE, ondondozana, ofanana kwambiri. Awiri oyambawo amapanga tizinthu tomera kunja kwa selo lofiira, ndipo kachirombo ka malungo kamagwira tizinthu tomweto ngati zogwirira za chitseko kakafuna kulowa.

Mu 2017, Ellen Leffler ndi anzake anafalitsa yankho m'magazini ya Science. Anasanthula DNA yonse ya anthu 1,269 a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, n'kupeza kuti malo amenewa ndi bwalo la chisokonezo: ena akusowa jini, ena ali ndi owonjezera. Atayerekeza ndi ana pafupifupi 10,000 a ku Gambia, Kenya ndi Malawi, mtundu umodzi wokha ndiwo unaonekera poyera. Mwa anthu a mtundu umenewu, GYPB yathunthu palibe. M'malo mwake muli majini awiri achilendo, lililonse mutu wa GYPB, mchira wa GYPA, ngati malaya amene telala wasoka kuchokera ku nsalu ziwiri.

Achipatala oona za kuthira magazi ankalidziwa kale gulu la magazi limeneli kuyambira m'ma 1980. Ankalitcha Dantu, ndipo ankaliona ngati chinthu chosowa, chongolemba m'kaundula. Palibe amene ankadziwa kuti limachepetsa chiopsezo cha malungo akayakaya ndi magawo 40 pa 100.

Dantu ndi yofala kwambiri ku Kilifi, kugombe la Kenya. Ku Tanzania iliko. Kuno ku Malawi iliko, mocheperapo. Ku Gambia ndi mayiko ena akumadzulo kwa Africa sanaipeze, ngakhale kuti malungo kumeneko ndi oopsa chimodzimodzi. Udzudzu umasankha pa zimene zilipo. Tsambali linasokonekera mwa munthu mmodzi kumbali ino ya Africa, ndipo lafala kufika pamene ana ake anafika.

Aliyense anaganiza kuti chinsinsi chili pa chogwirira chitseko chija, kuti chasintha maonekedwe ndipo kachirombo kakulephera kuchigwira. Silvia Kariuki, wasayansi wa ku Kenya wa pa KEMRI-Wellcome Trust ku Kilifi, anafuna kuona ndi maso. Iye ndi anzake a ku Cambridge anatenga magazi a ana 42 athanzi, ena a Dantu ena ayi, n'kuwathira tizirombo, n'kujambula kanema pansi pa makina okulitsa zinthu.

Kanema wotere ndi woopsa kuonera. Kachirombo kamagunda selo, kamalipinda ngati chala chodina mtanda wa mandasi, kenako kamadzikulunga ndi khungu la selolo n'kumira m'kati, zonsezi pasanathe mphindi. Pakapita maola 48, selo limaphulika, tizirombo tatsopano tokwana 16 kapena kuposa n'kutuluka kukasaka maselo ena. Kuphulika kumeneko ndiye kuzizidwa ndi kunjenjemera kumene tonse timakudziwa.

Pa maselo a Dantu, kachirombo kankagunda, kukankha, kukankhanso, koma khungu osapindika.

Zimene anafalitsa mu Nature mu 2020 n'zakuti khungu la selo la Dantu ndi lokungika kwambiri. Woimba ng'oma aliyense amvetsa msanga. Ng'oma yozizira, chikopa chili wefuwefu, chala chimalowa. Iwambeni pamoto, chikopa chikungike, chala chimangodumpha. Anapezanso kuti ngakhale mwa anthu opanda Dantu, maselo amene ali okungika kupyola muyezo winawake kachirombo kamawalephera. Apa ndiye pali chiyembekezo cha ofufuza: ngati patapezeka mankhwala okunga khungu la selo pang'ono, kwa kanthawi, munthu aliyense akhoza kubwereka chitetezo cha Dantu. Mankhwala otere sanafike pa shelefu ya chipatala chilichonse.

Bwanji zinatenga nthawi yonseyi?

Vuto linali kawerengedwe. Makina ambiri owerenga DNA sawerenga buku kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Amalidula tizidutswa ta zilembo pafupifupi 150, amawerenga kalikonse pakokha, kenako kompyuta imafunafuna pamene kachidutswa kalikonse kakukwanira pa buku loyerekezera.

Tayerekezani kuti mwatolera timapepala tokulungira zitumbuwa mumsika wonse wa Limbe, ndipo mukufuna kubwezeretsa nyuzipepala ya dzulo. Kapepala kokhala ndi dzina la nduna mupeza malo ake mosavuta. Koma kapepala kolembedwa "ndipo anati" mukaika pati? Mawu amenewo ali patsamba lililonse. Ndiye ngati nyuzipepala ina inasindikiza tsamba lachisanu kawiri, mudziwa bwanji? Timapepala tonse ta masamba awiriwo muziunjika pamalo amodzi, osazindikira kuti anali awiri.

Masamba ong'ambika ndi obwereza amakonda kuchitikira pamalo ofananafanana oterewa, chifukwa ndi pamene thupi lenilenilo limasokonezeka. Malo amene makina amalephera kuwerenga ndi malo omwewo amene pali nkhani.

Zinthu zinasintha atabwera makina a makampani a Pacific Biosciences ndi Oxford Nanopore, owerenga zidutswa zazitali, zilembo masauzande makumimakumi ulendo umodzi. Pamenepo chiwerengero cha masamba osokonekera mwa munthu mmodzi chinalumpha kuchoka pa 2,500 kufika poposa 20,000. Analipo nthawi yonseyi. Ndipo buku lija analengeza kuti latha mu 2003 linali lisanathe. Magawo 8 pa 100 anali asanawerengedwe, mpaka mu 2022 pamene gulu lotchedwa T2T linamaliza, n'kuwonjezera zilembo pafupifupi 200 miliyoni.

Malovu, nsagwada ndi mtima

Si masamba onse amene ali ndi nkhani ya malungo. Tafunani chinangwa chachiwisi kwa nthawi yaitali osameza, mumva chikuyamba kutsekemera. Ndi ntchito ya amylase, mankhwala a m'malovu amene amaphwanya zakudya zokhutitsa kukhala shuga. Jini lake, AMY1, chimpanzi ali nalo kawiri. Munthu akhoza kukhala nalo kawiri, kasanu ndi kamodzi, kakhumi, ngakhale ka 15. Mu 2007, George Perry ndi anzake anapeza kuti mitundu yodya kwambiri mbewu ndi zikhawo, monga Ajapani ndi Ahadza a ku Tanzania, ili ndi majini ambiri kuposa mitundu yodalira nyama, mkaka kapena nsomba.

Wodya nsima katatu patsiku angafune kudzitama pamenepa. Aleze mtima. Chimanga chinafika ku Africa kuchokera ku America zaka 500 zokha zapitazo, dzulodzuloli pa kalendala ya chibadwa, ndipo mwa zakudya zonse za padziko, nsima ndi imene sititafuna n'komwe.

Masamba ena ndi owawa. Pa kromozomu 22 pali chigawo cha zilembo pafupifupi 3 miliyoni chimene chimang'ambika mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 4,000 obadwa. Mwanayo akhoza kubadwa ndi vuto la mtima, chibowo kumwamba kwa m'kamwa, kudwaladwala, kuchedwa kulankhula. Nthawi zambiri makolo onse awiri alibe vutolo, lachitika pa mwanayo basi. Kwathu kuno mwana wotere amayambitsa milandu. Mayi amafunsidwa chimene anadya ali woyembekezera, kumene anayenda, amene anakangana naye. Palibe chimene analakwa.

Ndiye pali chotupa cha nsagwada chimene madokotala a ana ku Blantyre ndi ku Lilongwe amachidziwa bwino, khansa ya Burkitt, imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana a dziko lino. Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland, anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Kampala, ndipo anazindikira kuti imatsata madera otentha ndi a mvula yambiri, komwenso kuli malungo. M'zaka za m'ma 1970 zinadziwika kuti m'maselo a chotupacho, chidutswa cha kromozomu 8 chasamukira pa kromozomu 14. Jini lolamula selo kuti ligawikane lakakhala pafupi ndi swichi yomwe sizima. Tsamba ili mwana sabadwa nalo. Limasamuka m'selo limodzi la chitetezo, mwa mwana amene thupi lake lakhala likulimbana ndi malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachirombo kena kotchedwa Epstein-Barr.

Malungo omwewo amene anafalitsa masamba otiteteza amathandizanso kung'amba tsamba lopha.

Buku loyerekezera ndi la yani?

Mu 1997, nyuzipepala ya mumzinda wa Buffalo ku New York inalengeza kuti pakufunika anthu opereka magazi pa ntchito ya sayansi. Mwa amene anabwera, mwamuna mmodzi, yemwe dzina lake linabisidwa, ndiye anapereka pafupifupi magawo 70 pa 100 a buku loyerekezera limene dziko lonse lakhala likugwiritsa ntchito. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti makolo ake ena anali ochokera ku Africa, ena ku Ulaya. Koma munthu mmodzi ndi mmodzi.

Ngati inu muli ndi tsamba limene iye analibe, kompyuta imasowa poliika. Kawirikawiri imangolitaya.

Rachel Sherman ndi Steven Salzberg a pa yunivesite ya Johns Hopkins anaganiza zotola zotayidwazo. Anatenga DNA ya anthu 910 a mtundu wa ku Africa, n'kusonkhanitsa tizidutswa tonse timene tinakana kukwanira pa buku loyerekezera. Tinakwana zilembo 296 miliyoni. Ndiye kuti pa masamba khumi alionse a bukulo, panali tsamba lina lathunthu limene linali kunja.

Sizodabwitsa. Anthu anayambira ku Africa, ndipo amene anatuluka kukadzaza makontinenti ena anali kagulu kochepa, konyamula gawo chabe la masamba onse. Otsala kuno anasunga nkhokwe yonse. N'chifukwa chake mu 1000 Genomes Project anthu a ku Africa ndi amene anali ndi kusiyana kochuluka kuposa ena onse. Koma magulu a ku Africa kuno amene analowa m'ntchitoyo anali asanu okha: awiri a ku Nigeria, limodzi la ku Gambia, limodzi la ku Sierra Leone, limodzi la ku Kenya. Kuchokera ku Tanzania kutsika mpaka ku Cape, zii. Ndipo pofika 2019, mwa anthu onse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wofufuza majini a matenda, pafupifupi 78 mwa 100 anali a mtundu wa ku Ulaya. A ku Africa anali awiri.

Zikusuntha, pang'onopang'ono. Mu 2020 mgwirizano wa asayansi a ku Africa wotchedwa H3Africa unawerenga anthu 426 okha a m'mayiko 13, kuphatikizapo Zambia, n'kupeza kusiyana kwatsopano koposa 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo. Mu 2021, Ambroise Wonkam, dokotala wochokera ku Cameroon, analemba mu Nature kuti Africa iwerenge DNA ya anthu ake 3 miliyoni. Mu May 2023 kunatuluka buku loyerekezera la mtundu watsopano, lochokera kwa anthu 47 m'malo mwa mmodzi, lokhala ndi njira zingapo pamalo pamene anthu amasiyana. Linawonjezera zilembo 119 miliyoni, zambiri mwa izo zochokera ku masamba ong'ambika ndi obwereza.

Makina nawonso achepa msinkhu. MinION ya Oxford Nanopore imakwana m'thumba la malaya ndipo imalumikizidwa pa laputopu. Pa nthawi ya Covid-19, ofufuza a ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anawerenga chibadwa cha kachirombo ka matendawo konkuno. Kachirombo kameneko kali ndi zilembo 30,000. Munthu ali ndi zochuluka kuwirikiza ka 100,000, ndipo kuziwerenga kumafuna mankhwala odula ochokera kunja, makompyuta amphamvu, magetsi osathimathima, ndi anthu ophunzira amene sadzatengedwa ndi malipiro a kunja.

Chovuta china sichigulidwa ndi ndalama. Mu September ndi October 2017, mphekesera za anamapopa zinayaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu anaphedwa. Azaumoyo ena ankaopa kuyenda ndi zida zawo, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Anamapopa kulibe, ndipo amene anaphedwa anafera bodza. Koma pansi pa bodzalo pali funso limene si lopusa: magazi athu mukupita nawo kuti, ndipo ife tipezapo chiyani? Ofufuza amene amakhala pansi ndi mafumu ndi makolo, kufotokoza m'chilankhulo chawo, n'kubweranso kudzanena zimene apeza, amalandiridwa. Ine ndikuona kuti kubwerako ndi kumene kumaperewera. Mawu akuti Dantu imateteza ku malungo ali m'magazini a ku London ndi ku Washington kuyambira 2017. Pabenchi la kusikelo, pamene pali eni ake a magaziwo, sanamvekepo.

Pakhonde paja dzuwa lakwera, ndipo mzere wafupika. Mwana wa chitsekerero wapatsidwa LA, wamwa woyamba pomwepo, nkhope ili nyankha. Mng'ono wake amubaya jakisoni, amulembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma kuti akamuthire magazi, ndipo mayi akumangirira chitenje, maso ali kumsewu, kumvetsera ngati kukubwera galimoto.

Wazaumoyo watola toyezera tiwiri tija, kalikonse ndi kadontho kake kouma, n'kuponya m'katoni ya zinyalala zakuchipatala. Madzulo ano azikawotcha kudzenje kuseri kwa chipatala.